Za jekete ija ndi nkhosa zososoledwa

Wokondedwa mnzanga,

Jekete ija yafika, ndipo yafika pa nthawi yake chifukwa June wa kuno ku Dedza wabwera ndi mphepo yolowa m'mafupa. Zikomo kwambiri. Pakolala pake palembedwa kuti fleece, ndipo mawuwa andigwira mtima moti ndakhala ndikuwalondola kumene anachokera.

Angelezi a zaka 1,000 zapitazo ankati flēos kapena flīes, kunena ubweya wonse wa nkhosa imodzi. Adatchi mpaka lero amati vlies, Ajeremani amati Vlies, ndiponso ali ndi Flausch, nsalu yaubweya yofewa. Onsewa ndi ana a mimba imodzi, ochokera ku chilankhulo chimene makolo a mitundu imeneyi ankalankhula asanabalalike.

Tsono mvera apa. Mu 1822 Jacob Grimm, Mjeremani wina yemwe anali katswiri wa zilankhulo, anafotokoza kuti pamene Chilatini chili ndi p, zilankhulo za banja la Chijeremani, monga Chingelezi, zimakhala ndi f: pater ndi father (bambo), piscis ndi fish (nsomba). Ukabwezera p pa fleece, umafika pafupi ndi pluma, nthenga m'Chilatini. N'chifukwa chake akatswiri ambiri amaganiza kuti muzu wake unkatanthauza kusosola, monga mmene amayi amasosolera nkhuku alendo akabwera.

Nkhosa n'kusosola? Inde! Nkhosa zakale ubweya unkayamba kuthothoka wokha nyengo yofunda ikafika, ndipo anthu ankangouzula ndi zala, lumo lometera lisanabwere. Aroma nawo ubweya wotere ankautchula vellus, ndipo Varro, mlembi wawo wina wakale, analemba kuti dzinali linachokera ku vellere, kuzula. Zimenezi n'zimene zandisangalatsa kwambiri: anthu anasintha kagwiridwe ka ntchito, koma mawu akusungabe manja a agogo awo ali pamsana pa nkhosa.

Iweyo uli pafupi ndi umboni wake. Nkhosa za mtundu wa Soay, zochokera ku zilumba za St Kilda komweko ku Scotland, zimathothokabe ubweya zokha, ndipo ku zilumba za Shetland kuzula ubweya ndi manja amakutcha rooing. Ukapeza tchuthi ukazione, undijambulire, makamaka ngati utapeza munthu akusosola.

Jekete yangayi ndi ya poliyesitala, ilibe ndi ubweya umodzi womwe wa nkhosa, koma ikufunda bwino zedi. Ndaivala pano ndikulemba. Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa ku Dedza