Kwa inu olemba manoti pa kompyuta ku Old Town: konzani nyimbo yanga kapena mundibwezere ndalama

Abwana, foni simukuyankha, nchifukwa chake ndabwera pano pagulu.

Masabata atatu apitawo ndinakusiyirani nyimbo ya gitala yomwe ndinalemba pamanja, kuti muilembe bwino pa kompyuta, manoti pamwamba ndi tab (manambala osonyeza nsambo ndi pogwira chala) pansi pake, ya ana amene ndimawaphunzitsa ku Area 25. Ndinalipiriratu K45,000 yonse.

Nyimboyi imayenda ndi liwu limodzi, kupatula pa bar (kagawo ka nyimbo) 9 mpaka 12. Pamenepo chala chachikulu chimagwira besi n'kuisiya ikulira bar yonse, zala zinazi zikuyendetsa nyimbo pamwamba. Ndi mawu awiri pa kanthawi kochepa chabe, kenako n'kubwerera ku limodzi. Ndinachita kuzunguliza ndi bolopeni yofiira. Timichira ta manoti a pamwamba tiloze kumwamba, ta besi tiloze pansi, basi.

Inu mwaziphatikiza zonse ngati liwu limodzi, besi ija n'kuifupikitsa kuti ifanane ndi anzake. Ndiye kukoma kwa nyimboyo kunali pomwepo!

Za pa tab ndiye zondiseketsa ndili wokwiya. Pa bar 10 mwaika D ndi E onse pa nsambo yachinayi, fret 0 ndi 2 (malo ogwira chala pa khosi la gitala) nthawi imodzi. Nsambo imodzi ingalize bwanji manoti awiri? D ameneyo amagwidwa pa nsambo yachisanu, fret 5. Mwana wina wa Sitandade 7 anavutika nazo mpaka kundifunsa ngati gitala yake ndi yowonongeka. Kuchokera pa bar 13 mpaka kumapeto mwasiyamonso zizindikiro za kupuma zili balalabalala, za liwu loti munalichotsa kale.

Nditabwera Lachiwiri, mnyamata wanu anati pulogalamu siilola. Ayi, musandinamize. MuseScore, yaulere, imalola mawu mpaka anayi pa mzere umodzi wa manoti. LilyPond, yaulerenso, ili ndi njira yake yotsegulira mawu awiri pa ma bar ochepa n'kutsekanso. Mukadangonena poyamba kuti munazolowera sol-fa ya makwaya, sindikanakwera minibasi kawiri konse kudzakupezani.

Ana akuimba pamaso pa makolo awo Loweruka likudzali. Pofika Lachinayi madzulo ndikufuna pepala lokonzedwa kapena ndalama yanga. Pepala langa lolemba pamanja lija mundibwezerenso, ndilibe lina.