Kwa Limbani, pa nkhani ya Star Wars ija

Wokondedwa Limbani,

Ndikhulupirira kuti uli bwino kumeneko, iwe pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tonse tili bwino. Uthenga wako wautali uja ndauwerenga, ndipo ndaona kuti kuuyankha pa foni sikungakwane. Ukuti wasiya kuonera chilichonse cha Star Wars, mafilimu aja a nkhondo za m'mlengalenga, chifukwa a kampani ya Disney anaiwononga, ndipo akadamvera zofuna za anthu oikonda bwenzi zinthu zili bwino. Zoti pali zomwe anawononga sinditsutsa. Koma zoti akadamvera anthuzo, aise, pamenepo tisiyana, chifukwa ine ndikuona kuti anawamvera mopitirira muyeso.

Tayamba wakumbuka yemwe ankatukwanidwa a Disney asanabwere. Anali George Lucas mwiniwake, amene anayambitsa zonsezi mu 1977. Mu 1997 anatulutsanso mafilimu atatu oyamba aja atawakonza pa kompyuta, ndipo anthu anapsa mtima ndi kanthu ka masekondi ochepa: poyamba Han Solo, mmodzi wa ngwazi za m'filimuyo, ankawombera Greedo, amene ankamusaka, osadikira, koma m'filimu yokonzedwayo Greedo ndiye ankayamba kuwombera. Apa ndimawaikira kumbuyo okwiyawo. Kamphindi kameneko kankationetsa kuti Han ndi munthu wosamala za yekha, ndiye akamabwerera kudzathandiza anzake kumapeto zimakhudza mtima. Kumeneko ndi kudzudzula kwanzeru, kokamba za nkhani ndi mmene yalukidwira. Koma mu 1999, The Phantom Menace itatuluka, mkwiyo unachoka pa filimu n'kugwera anthu. Ahmed Best, amene anasewera Jar Jar Binks, anaulula mu 2018 kuti chipongwe chija chinamufikitsa poganiza zodzipha. Jake Lloyd, amene anasewera Anakin Skywalker ali mwana, anali ndi zaka 10 zokha, koma naye sanamusiye. Pamene Lucas ankagulitsa kampani yake ya Lucasfilm kwa a Disney mu 2012, pa mtengo wa madola pafupifupi 4 biliyoni, anthu ambiri anaomba m'manja kuti mkuluyo wachoka.

Lero mafilimu atatu omaliza a Lucas, a 1999, 2002 ndi 2005, akutamandidwa, ndipo Hayden Christensen, amene anasewera Anakin atakula, yemwe ankasekedwa kuti sadziwa kusewera, analandiridwa ndi manja awiri atabwerera mu 2022. Chachitika n'choti ana omwe anaonera mafilimuwo ali aang'ono akula, ndipo tsopano ndi iwo akulamulira zokamba pa intaneti. Ndiye ukamati amvere anthu, ukunena anthu ake ati, a chaka chiti?

Taona mmene a Disney anachitira. Anthu ankadandaula kuti mafilimu a Lucas omalizawo anadzaza ndi ndale, misonkhano ndi nkhani za misonkho. Mu 2015 J.J. Abrams anawapatsa The Force Awakens: Rey, mwana wamasiye wokhala m'chipululu, kaloboti konyamula chinsinsi, ndi chida chachikulu chophulitsa mapulaneti. Anthu anati wangokopera filimu ya 1977, ndipo sankanama. Mu 2017 Rian Johnson anasintha njira mu The Last Jedi. Luke, ngwazi ya mafilimu oyamba aja, anakhala nkhalamba yokhumudwa yobisala pachilumba, ndipo Rey anauzidwa kuti makolo ake anali anthu wamba opanda dzina. Apo ndiye moto unabuka. Kelly Marie Tran, amene anasewera Rose, anafufuta zonse zomwe anaika pa Instagram mu 2018 chifukwa cha matukwano onena za mtundu wake ndi maonekedwe ake.

Kenako mu 2019 kunabwera The Rise of Skywalker, ndipo ukaionera bwino umachita kumva kuti olemba anali ndi mndandanda wa madandaulo pambali pawo. Munati Rey sangakhale mwana wa anthu wamba? Chabwino, ndi mdzukulu wa Palpatine, mfumu yankhanza ya m'mafilimu akale. Munati palibe mdani woopsa? Palpatine yemweyo, amene tinamuona akufa mu 1983, wabwerera, osatiuza bwinobwino kuti wadzuka bwanji. Simukumufuna Rose? Amutsekera kumbuyo, akungooneka mwa apo ndi apo. Imeneyo ndiye filimu yomvera anthu yomwe ukuifunayo, ndipo kwa ine ndi yofooka kuposa zonse zitatu. Ngakhale omwe ankafuulawo sanakhutire nayo.

Usaganize kuti The Last Jedi ndimaiona yopanda banga. Ulendo wa Finn ndi Rose wopita kumzinda wa juga uja umachedwetsa filimu, ndipo Finn, yemwe anayamba ngati msilikali wothawa kwa adani, nkhani yake sinapite patali. John Boyega mwiniwake, amene anasewera Finn, anadandaula poyera mu 2020 kuti anamuika patsogolo potsatsa malonda kenako n'kumukankhira pambali. Koma filimuyo inali ndi zomwe inkafuna kunena, ndipo munthu umatha kukangana nayo. Inzake ya 2019 ilibe choti ukangane nacho.

Sindikunena kuti mawu a oonera alibe ntchito. Pakadapanda iwo Star Trek ikadafa kalekale. Pulogalamu imeneyi, ya maulendo a m'mlengalenga, inayamba mu 1966 pa wayilesi ya kanema ya NBC, ndipo mu 1968 itatsala pang'ono kuthetsedwa, Bjo Trimble ndi mwamuna wake John anamema anthu kuti alembe makalata ku kampaniyo. Makalata anafika ochuluka, sizoni yachitatu inapangidwa, magawo anakwana 79, ndipo mawayilesi ena a kanema atayamba kuwabwereza ndi pamene inatchuka zenizeni, mpaka filimu yoyamba inatuluka mu 1979. Zofanana zinachitikanso ndi pulogalamu ina ya zam'mlengalenga, The Expanse, mu 2018. A wayilesi ya kanema ya Syfy ataithetsa, oikonda anasonkha ndalama n'kuulutsa ndege yokoka chinsalu pamwamba pa maofesi a Amazon, ndipo a Amazon anaitenga n'kupanga masizoni ena atatu. Koma taona chimene anthu amenewa ankapempha. Ankati olembawo apatsidwe mpata wopitiriza, sankawauza kuti uyu akwatire uyu kapena uje afe. Zili ngati masapota a mpira: akadzaza bwalo timu imakhala ndi moyo, koma kochi akayamba kusankha osewera potengera amene akukuwa kwambiri, timuyo yapita.

Tsopano chimene ndalemberadi kalatayi. Uonere Andor, pulogalamu ya Star Wars ya magawo, ndakupempha. Inayamba mu 2022, sizoni yachiwiri inatuluka mu 2025, ndipo inathera pomwepo. Palibe amene anaipempha. Ndani akadafuna nkhani ya Cassian Andor, munthu yemwe tonse tinamuona akufa m'filimu ya Rogue One mu 2016? Tony Gilroy, amene anaitsogolera, sabisa kuti sanali wokonda Star Wars, ndipo mwina n'chifukwa chake sanavutike ndi kutisangalatsa ndi nkhope zakale. Mulibe a Jedi, ankhondo aja amphamvu zodabwitsa, mulibe kumenyana ndi malupanga owala. Muli anthu a m'maofesi a boma lankhanza omwe akulimbirana kukwezedwa pantchito, mayi wa ndale yemwe akubisa ndalama zothandizira oukira, ndi ndende yomwe akaidi amayenda opanda nsapato chifukwa pansi pake pamadutsa magetsi. Ndale zomwe anthu ankadana nazo mu 1999 ndi zomwe zadzaza mmenemo, kungoti apa zalembedwa mwaluso. Magawo awiri oyamba amayenda pang'onopang'ono, upirire mpaka lachitatu. Ukafika pa magawo a kundende aja undilembere, ndimve ngati ukadali ndi maganizo oti anaiwonongeratu.

Undiperekere moni kwa alamu, ndipo ana uwauze kuti amalume awo akuwasowa.

Ndine mnzako,
Mavuto