Kalata kwa mpingo: za mkwapulo umene tinakula nawo

Okondedwa abale ndi alongo mwa Khristu,

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse.

Nkhani ya kulera ana ikangoyambika pakati pathu, sipalephera wina wonena kuti, "Ine bambo ankandikwapula mpaka kutupa, koma taonani, lero ndine munthu." Ena amachita kuseka pokumbukira lamba amene ankakhala kuseri kwa chitseko. N'chifukwa chiyani timaikira kumbuyo chinthu chimene chinkatigonetsa tikusisima?

Gwero lake ndi chikondi. Mwana alibe kothawira, pakuti womumenyayo ndi yemwenso amamudyetsa ndi kumufunditsa usiku. Ndiye kwa iye n'kwapafupi kunena kuti "ndinali wosamva" kusiyana n'kuvomera kuti mayi ake anapyola muyeso. Maganizo amenewo timakalamba nawo. Lamulo la pa Eksodo 20:12, loti tilemekeze atate ndi amayi athu, timalimva ngati likutitseka pakamwa, makamaka ngati makolowo anatisiya kale. Ndani angafune kuimba mlandu munthu amene ali m'manda?

Komanso amene amachitira umboni mkwapulo ndi okhawo amene zinawayendera. Uja anathawa pakhomo akadali wamng'ono, ndi uja amanjenjemera mpaka lero wina akakweza mawu, saimirira pagulu kuti afotokoze mbali yawo. Ndipo tinene chilungamo: enafe timateteza dzanja la bambo chifukwa lathu likuchita zomwezo.

Miyambo 13:24, yonena kuti wosakwapula mwana wake amamuda, timaidziwa pamtima. Akolose 3:21, pamene atate akuchenjezedwa kuti asapute ana awo kuopa kuti angataye mtima, sitiitchula kawirikawiri. Mu 2016 akatswiri ofufuza a ku America, Elizabeth Gershoff ndi Andrew Grogan-Kaylor, anaunika kafukufuku wa zaka pafupifupi 50 wokhudza ana oposa 160,000, ndipo anapeza kuti ana omenyedwa amakonda kukhala aukali ndi amwano, osati ofatsa.

Makolo athu analera ndi nzeru zimene anali nazo, ambiri a iwo ali otopa ndi ankhawa. Tingathe kuwathokoza chifukwa cha thukuta lawo popanda kunena kuti mabala aja ndi amene anatiumba.

Ngati nkhaniyi yakutsegulani chilonda, kapena mkwiyo umakugonjetsani pamaso pa ana anu, bwerani tidzakambirane patokha mapemphero akatha. Zimene mudzanene zidzathera pomwepo.

Ine wanu mu utumiki,
Mbusa wanu