Kusiyana kwa chuma kukudwalitsa anthu m'maganizo

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene timakonda kuisiya m'manja mwa abusa ndi apolisi, chonsecho muzu wake wina uli m'kagawidwe ka chuma m'dziko muno. Apolisi akamalengeza za anthu amene adzipha, timamva kuti ambiri mwa iwo ndi amuna, ndipo pa zifukwa zimene zimatchulidwa sipalephera kukhala ngongole. Tikatero timalangizana kuti tizipemphera ndi kumasukirana, nkhani n'kuthera pomwepo.

Umphawi umawawa, koma umawawa koposa ukakhala khomo loyandikana ndi chuma. Taganizirani za mlonda wochokera ku Mtandire amene amachezera usiku wonse pachipata cha nyumba ya ku Area 47, kulondera magalimoto atatu a bwana wake, pamene ana ake agona ndi phala lopanda shuga ndipo mwininyumba wamuuza kuti asamuke mwezi ukatha. Chimene chimamudya munthu wotere si njala yokha ayi, koma manyazi, ndi maganizo akuti iye ndi wolephera pamaso pa mkazi wake ndi abale ake. Popeza anakula akuuzidwa kuti mwamuna salira, amangozisunga mumtima mpaka tulo titasowa, kapena n'kuyamba kuthawira ku kachasu.

Mpata umenewu wa pakati pa olemera ndi osauka si wongoganizira. Bungwe la Oxfam linapeza kuti m'chaka cha 2004, gawo limodzi mwa magawo khumi la Amalawi olemera kwambiri linkagwiritsa ntchito chuma choposa cha gawo la osaukitsitsa maulendo 22, ndipo pofika 2011 anali maulendo 34. Pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, amene anali ndi madola, nyumba zochititsa lendi kapena katundu m'sitolo anangokweza mitengo, koma wodalira malipiro apamwezi ndi waganyu analowa m'katapila, ndipo amayi ambiri anayamba kubwereka ku banki m'khonde ina kuti akabweze ku inzake.

Chondidandaulitsa kwambiri n'chakuti thandizo nalonso limatsata thumba. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a m'maganizo ndi cha ku Zomba, ndipo kupatula ntchito imene a zipatala za St John of God akugwira ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, malo oti munthu wa ku Nsanje kapena ku Chitipa akapeze katswiri ndi ochepa zedi. Wolemera akapanikizika amalipira mlangizi mwakachetechete, anthu n'kumati bwana atopa ndi ntchito. Wosauka amayamba watchedwa wolodzedwa, kenaka wamisala, ndipo kuchipatala amakafika matenda atakula, mwinanso atamangidwa ndi zingwe.

Anzathu a ku Zimbabwe, motsogozedwa ndi Dr Dixon Chibanda, anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera ndi kulangiza anthu ovutika maganizo atakhala pabenchi kunja kwa zipatala zazing'ono, pansi pa ntchito yotchedwa Friendship Bench. Njira yotere ndi yosalira ndalama zambiri, ndipo alangizi azaumoyo amene tili nawo kale m'midzi angathe kuithandizira. Komabe mlonda uja akachoka pabenchipo adzapeza wakatapila akumudikira pakhomo, choncho ndikupempha aphungu a Nyumba ya Malamulo kuti pokambirana za malipiro otsikitsitsa, misonkho ndi chiwongoladzanja, aziitananso a Unduna wa Zaumoyo kuti adzafotokoze zimene akuona m'zipatala.

Ine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Lilongwe