Mfutso wanga unachita nkhungu, akatswiri tithandizeni

Akonzi,

Ndine mayi wa ku Katete, ndimagulitsa mfutso wa nkhwani ndi khwanya ku Chipata. Mu February mvula inagwa sabata yathunthu, dzuwa osaoneka, ndipo masamba anga pa mphasa ziwiri anachita nkhungu. Ndinataya onse, ngakhale nkhuku sizinafune kujompha.

Mwana wanga amene amaphunzira ku Lusaka anandiuza kuti ku Ulaya mafakitale ena amamenya mbatata za kachewere ndi magetsi amphamvu kwa kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso. Magetsiwo amaboola timabowo ting'onoting'ono m'maselo a mbatata, ndiye ukafinya madzi amatuluka msanga popanda kuyika pa moto. Palinso njira ina yoti makina akamapsinja, magetsi amakokera madziwo ku mbali ya waya wa negetivi.

Poyamba ndinaseka. Magetsi ake ati? Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba tinkatha tsiku lonse mu mdima. Komabe sola ilipo masiku ano. Kodi akatswiri a ku Msekera, malo ofufuzira zaulimi ku Chipata, sangayese kamakina kakang'ono kotere pa chinangwa ndi masamba athu? Gulu lathu la amayi lingasonkhe ndalama yogulira.

Mayi wa mfutso,
Katete