Za bishopu wako wa pa h7 uja

Mwana wanga,

Gemu ya chess ija unanditumizira pa WhatsApp ndaiona dzulo usiku, ndinachita kuyala bolodi patebulo amayi ako akukalipa kuti nsima ikuzizira. Unapereka bishopu pa h7, mnzakoyo anangodya, unatcheka ndi kwini pa h5, mfumu yake n'kubwerera pa g8, basi nkhani yathera pompo, hachi yako ili phee pa b1 ngati mlendo. Ndiye ukuti wasiya zosakirifaiza, zopereka dala chida kuti chidyedwe, chifukwa ndi zongokopera kwa ena. Apo ndiye ndakana.

Akatswiri amene umawatamawo nawonso amaonerana. Mu 1889 ku Amsterdam, Emanuel Lasker ali kamnyamata ka zaka 20 anakumana ndi Bauer. Anaponya bishopu pa h7, mfumu inadya, kwini inalowa pa h5, kenako anaponyanso bishopu wachiwiri pa g7, nayenso anadyedwa, koma tsopano mfumu ija inali pambalambanda yopanda pooni woitchinga, ruku inakwera pa f3 ikulowera pa h3. Mu 1914 ku St Petersburg, Tarrasch anamuchita zomwezo Nimzowitsch, Tarrasch-yo atagwira zakuda. Ndiye mu 2003 ku Hoogeveen, Judit Polgar anaponya bishopu pa h7 kwa Karpov, kwini pa h5, mkuluyo sanadikirenso kuti aone bishopu wachiwiri, anangopereka dzanja. Zaka 114 nzeru yomweyo ikuyendabe m'manja mwa anthu, ndipo palibe ananena kuti Polgar waba.

Koma pali chimene anyamata inu mumadumpha mukamaonera timavidiyo ta pa YouTube, mumathera pamene pakukoma. Bauer sanafe nthawi yomweyo ayi. Anapereka kwini yake kuti atseke meti, kugwidwa kwa mfumu kothetsa gemu, ndipo ukawerenga zotsala pabolodi anali ndi ruku ndi mabishopu awiri m'malo mwa kwiniyo, zoti munthu akhoza kulimba nazo bwinobwino. Chimene chinamupha ndi muvu 22, kwini ya Lasker kutera pa d7 n'kuloza mabishopu onse awiri nthawi imodzi, wina pa b7 wina pa e7. Bishopu woyamba anaperekedwa pa muvu 15. Tawerenga wekha mtunda umenewo.

Ndikudziwa undiuza za Tal, paja kuyambira uli kusekondale sunkakamba za wina. Eya, anamulanda Botvinnik ukatswiri wa dziko lonse mu 1960 ndi masakirifaizi omwewo, ena mwa iwo makompyuta a lero amawakayikira, koma Botvinnik uja anakakhala pansi n'kumuphunzira, mu 1961 anautenganso.

Iwe unatenga chithunzi cha bishopu pa h7 n'kusiya funso loti akadya ndani akubwera pambuyo. Hachi ikufika pa g5 kapena ayi, ruku ili ndi njira yokwerera kapena yatsekedwa ndi mapooni ako omwe, hachi yake ingabwerere pa f6 kudzatseka? Ine pabawo sindinyamula nkhomo ndisanawerenge kumene dzanja likagone, umandidziwa.

Loweruka uyale gemu ya Lasker ija pabolodi lenileni osati pafoni, ukafika pa muvu 14 utseke kope, uyesere kupeza d7 wekha. Ukaipeza undiimbire. Amayi ako akuti ufa watsala pang'ono kutha kumeneko, unene ngati titumize pa basi.

Ndine bambo ako.