Kalata kwa aNaphiri ku Boston

Okondedwa aNaphiri,

Ndikhulupirira nonse muli bwino kumeneko, inu, alamu ndi ana. Kalata yanu ndalandira, ndipo zandisangalatsa kuti ana ayamba kufunsa za makolo a bambo awo amene anachokera ku Ireland. Funso limenelo musalitaye. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi: musathamangire mabuku a ku Ireland musanamalize kufufuza komweko ku Boston.

Kwathu kuno munthu akangotchula dzina, timamufunsa mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Ku Ireland nakonso zili choncho. Kadera kakang'ono kwambiri amakatcha townland, ndipo timadera totere tilipo toposa 60,000. Pamwamba pake pali parishi, kenako county. Mukangodziwa kuti agogowo anali a Sullivan a ku Cork, simunafike patali, chifukwa a Sullivan ku Cork ndi ku Kerry ndi ambiri ngati a Banda ku Kasungu. Chimene mukusaka ndi dzina la townland kapena la parishi, ndipo nthawi zambiri dzinalo linalembedwa kumene munthuyo anafikira, osati kumene anachokera.

Yambani ndi manda. Anthu a ku Ireland ankakonda kulemba pamwala wa pamanda parishi ndi county ya womwalirayo. Pitani ndi alamu, mujambule mwalawo mbali zonse, ndi pansi pomwe pamene udzu umaphimba. Kenako pezani chikalata cha imfa ndi cha ukwati cha boma la Massachusetts, popeza zimatchula mayina a bambo ndi mayi. Dzina la mayi la kwawo, asanakwatiwe, ndi lamtengo wapatali: ndi limene lidzakusiyanitsireni banja lanu ndi mabanja ena khumi a dzina lomwelo. Mapepala olowera unzika wa America olembedwa kuyambira 1906 amanena malo obadwira mwatsatanetsatane, pomwe ambiri akale amangoti Ireland basi. Mindandanda ya anthu okwera sitima zapamadzi isanafike 1890 ilinso chimodzimodzi, choncho musatayirepo masabata ambiri.

Muli ndi mwayi wokhala ku Boston. Nyuzipepala ya Boston Pilot inkasindikiza, kuyambira 1831 mpaka cha m'ma 1920, timauthenga ta anthu ofuna abale awo osowa, pansi pa mutu wakuti Missing Friends. Timauthengato timatchula townland, parishi, chaka chimene munthu ananyamuka, nthawi zina ndi dzina la sitima. Mukawerenga tingapo mumva chisoni, poti tambiri tinalembedwa m'zaka za njala ya 1845 mpaka 1852, pamene matenda anawononga mbatata ya kachewere, anthu pafupifupi miliyoni imodzi n'kufa, enanso ochuluka chomwecho n'kuthawa dziko. Agogowo akasowa m'menemo, sakani achimwene ndi achemwali awo. Mmodzi yekha akatchula mudzi, watchulira onse.

Mukapeza dzina la malo, ndiye wolokani nyanja. Anthu adzakuuzani kuti mabuku onse a ku Ireland anapsa. Si zoona kwenikweni. Pa 30 June 1922, nkhondo yapachiweniweni itangoyamba, nyumba yosungira zikalata za boma ku Four Courts mu Dublin inapsa. Anapsera momwemo mabuku a kalembera wa 1821, 1831, 1841 ndi 1851, kupatula zidutswa zochepa, komanso mabuku ambiri a mpingo wa Church of Ireland. A kalembera wa 1861 mpaka 1891 boma linali litawawononga kale lokha. Koma kalembera wa 1901 ndi wa 1911 alipo, ndipo National Archives of Ireland inamuika pa intaneti kwaulere. Mabuku a Akatolika sanali m'nyumba imeneyo, anali m'maparishi. National Library of Ireland inaika zithunzi zake pa intaneti mu 2015, ndipo ambiri amafika cha m'ma 1880. Boma linayamba kulemba maukwati a anthu osakhala Akatolika mu 1845, ndipo kubadwa, ukwati ndi imfa za aliyense mu 1864. Izi muzipeza pa irishgenealogy.ie. Ngati banjalo ndi la kumpoto, ku Antrim kapena ku Tyrone, zambiri zili ku PRONI, nyumba yosungira zikalata za boma la Northern Ireland, mu Belfast.

M'malo mwa kalembera wotayika uja gwiritsani ntchito Griffith's Valuation, kaundula wa malo ndi nyumba wa pakati pa 1847 ndi 1864. Amatchula mutu wa banja, mwini malo ndi kukula kwa munda, townland iliyonse payokha. Ana ndi akazi okhala pabanja satchulidwa, koma mumaona ngati dzinalo linalipodi pamudzipo.

Tsopano pamene ambiri amaphunthwa. Ansembe ambiri ankalemba m'Chilatini, choncho James ndi Jacobus, William ndi Gulielmus, Owen ndi Eugenius. Bridget akafika ku America nthawi zambiri ankasanduka Delia. Zilembo za O' ndi Mc zinkachotsedwa n'kubwezeredwa mwachisawawa, kotero sakani Sullivan ndi O'Sullivan yemwe. Malire a parishi ya Katolika si amodzi ndi a parishi ya boma, ndipo mayina ake amatha kusiyana. Mukasokoneza ziwirizi mudzawerenga buku lolakwika tsamba ndi tsamba. Malo enanso anasintha mayina: Queenstown, doko limene ambiri ananyamukira, lero ndi Cobh, King's County ndi Offaly, Queen's County ndi Laois.

Zaka zobadwa musazikhulupirire msanga. Ambiri sankadziwa tsiku lawo lobadwa, monga zinalili ndi agogo athu omwe ankawerengera pa njala kapena dzombe. Onjezani zaka zisanu uku ndi uku. Komanso penshoni ya okalamba a zaka 70 itakhazikitsidwa mu 1908, anthu ena anakalamba mwadzidzidzi, moti amene anali ndi zaka 55 mu 1901 mutha kumupeza ali ndi 72 mu 1911.

Mukafika pa buku la ubatizo, musangokopera dzina la mwana. Lembaninso mboni za ubatizowo, chifukwa kawirikawiri anali amalume, azakhali kapena oyandikana nawo nyumba, ndipo mayina omwewo mudzawapezanso ku Boston. Onaninso mayina a ana: mwana wamwamuna woyamba ankatenga dzina la agogo ake a kuchimuna, wachiwiri la agogo a kuchikazi. Si lamulo, koma limathandiza pamene mabanja awiri akufanana.

Mukapita kumandako munditumizire zithunzizo, ndi za kumbuyo kwa mwala zomwe, tiwerengere limodzi. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu wa kuno kumudzi.